Muli ndi Medicaid kapena Medicare koma kulikonse akuti dokotala wadzaza? Yesani PA, ndipo kapezedwe kake ndi aka

Izi ndikulembera ife amene tili kuno ku America, makamaka inu amene mwangolandira kumene khadi ya Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza ndalama zochepa, kapena muli ndi makolo amene afika pa Medicare, ya okalamba ija, ndiye mwaimba foni malo atatu anayi koma kulikonse akukuuzani kuti dokotala alibe malo, mwina mubwere mu March pomwe ino ndi November. Zinandichitikirapo ine, BP itakwera mutu ukugunda mbali imodzi, ndipo amene anadzandithandiza sanali dokotala ayi, anali PA, kutanthauza physician assistant, yemwe ndinatsala pang'ono kumukana chifukwa cha umbuli wanga basi. Mayi wa pa foni atanena kuti dokotala wadzaza koma physician assistant atha kukuonani Lachinayi lomweli, ine mumtima ndinati aaa ndiye andipatsa wonyamula mafayilo chifukwa ndine wa Medicaid eti. Ndinapita monyinyirika, koma pano ndi chaka chachinayi ndikuonedwa ndi munthu yemweyo.

Ndiye tiyambe tamvana kaye kuti PA ndi ndani, chifukwa ambiri timagwa pa dzinali. Mukakumbukira kumudzi, pa chipatala cha paboma paja, amene tonse timamutchula kuti adokotala nthawi zambiri amakhala clinical officer, ndi iyeyo amakufunsani pamene pakupweteka, kulemba mankhwala mu kabuku kaja, olo kuchita opaleshoni mayi akavutika kuchira usiku. PA ndi m'bale wake wa ameneyo. Ntchitoyi inayamba mu 1965 pa Duke University ku North Carolina, pamene Dr Eugene Stead anatenga anyamata amene ankagwira ntchito zachipatala kwa asilikali a pamadzi n'kuwaphunzitsa kuti athandize poti madokotala anali ochepa, ndipo gulu loyamba linamaliza mu 1967. Masiku ano munthu amayamba watenga digiri yoyamba, kenako masters ya zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, kenako mayeso a dziko lonse, akakhoza m'pamene mumaona PA-C kumapeto kwa dzina lake. Amayeza odwala, amakutumizani kukatengetsa magazi kapena x-ray, amalemba mankhwala m'ma state onse 50, akaona kuti nkhani yakula amakutumizani kwa katswiri. Kusiyana kwake ndi ma clinical officer athu n'koti opaleshoni yaikulu payekha sachita, ndipo amagwira ntchito mogwirizana ndi dokotala olo dokotalayo simungamuone ndi maso.

Musasokoneze ndi medical assistant. Kwathu medical assistant ndi bwana wa pa health centre, amalemba LA ndi amoxicillin yekha, koma kuno medical assistant ndi uja amakuitanani dzina pa mpando, kukukweza pa sikelo, kukuyezani BP n'kutuluka, salemba mankhwala. Komanso mukaona kwina alemba physician associate ndi yemweyo, bungwe lawo linagwirizana mu 2021 zosintha dzina chifukwa liwu loti assistant limapusitsa anthu ngati mmene linandipusitsira ine, koma ma state ambiri akadali pa dzina lakale. Palinso NP, nesi amene anapitiriza sukulu mpaka kumayeza ndi kulemba mankhwala, akakupatsani ameneyo musakanenso, pa matenda athu a tsiku ndi tsiku awa a BP, shuga, chifuwa, m'mimba, onsewa ntchito amaitha.

Choyamba chenicheni, musanaimbe foni kulikonse, tulutsani khadi yanu muiwerenge mbali zonse ziwiri. Zikumveka zachibwana koma apa ndi pamene ambiri timataya masabata. Medicaid si chinthu chimodzi dziko lonse, ndalama zake boma la federal la ku Washington DC ndi state yanu amasonkherana koma woyendetsa ndi state, ndiye olo dzina limasintha. Ku California ndi Medi-Cal, ku Washington state ndi Apple Health, ku Massachusetts ndi MassHealth, ku Tennessee ndi TennCare, kuno ku Indiana akuluakulu ambiri ali pa Healthy Indiana Plan imene timangoti HIP, ana ndi amayi oyembekezera ambiri ali pa Hoosier Healthwise. Pamwamba pa izo, ma state ambiri sakulipirirani okha, amapereka ntchitoyo kwa makampani a inshuwalansi, ndiye pa khadi panu mupeza dzina ngati Anthem, CareSource, Molina kapena UnitedHealthcare. Dzina limenelo ndiye pulani yanu. Kiliniki itha kukhala kuti imalandira Medicaid ya kampani iyi koma ya kampani iyo ayi, mu tauni imodzimodzi. Lembani pa pepala dzina la pulani lonse mmene lalembedwera, nambala yanu ya umembala, ndi nambala ya foni ya member services imene imakhala kuseri kwa khadi. Onaninso ngati palembedwa kale dzina la PCP, kutanthauza wokuonani woyamba wa nthawi zonse, chifukwa mukapanda kusankha nokha amangokusankhirani wina amene mwina ali kutali mamailosi 30 ndipo inu mulibe galimoto.

Amene mulibe khadi n'komwe, ndingodutsapo mwachangu. Mumafunsira ku ofesi ya Medicaid ya state yanu kapena pa healthcare.gov, nthawi ina iliyonse pa chaka, palibe nyengo yotseka. M'ma state 40 ndi DC amene anakulitsa Medicaid, munthu wamkulu amalowa ngati ndalama zake sizikupitirira 138 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika chaka chilichonse, koma ku Texas ndi ku Florida sanakulitse ndiye wamkulu wopanda ana n'kovuta kwambiri. Ambiri a green card amadikira zaka 5 kaye, ngakhale ma state ena amachotsa kudikirako kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo ana obadwira kuno ndi nzika, atha kulowa Medicaid kapena CHIP, inshuwalansi ina ya boma ya ana, kaya mapepala a makolo ali bwanji. Nkhani yoti kodi Medicaid ingakuonongereni mapepala a immigration, malamulo ake amasinthasintha boma likasintha, ndiye funsani loya wa immigration, osati pa gulu la WhatsApp pamene aliyense ndi loya.

Mukaidziwa pulani yanu, pitani pa webusayiti yawo mupeze pamene alemba find a provider kapena find a doctor. Ikani zip code yanu, sankhani pulani yeniyeniyo chifukwa kampani imodzi imakhala ndi mapulani ambirimbiri, ena a anthu ogwira ntchito m'makampani ndipo mndandanda wawo ndi wina. Kenako pa mtundu wa wothandiza sankhani physician assistant, kapena family medicine kapena primary care. Langizo langa apa n'loti musalimbane kwambiri ndi kusaka dzina la PA, sakani kiliniki. Chifukwa chake n'choti m'ma state ena PA amaloledwa kulembedwa ngati PCP wanu pa khadi, m'ma state ena ayi, pa khadi pamakhala dzina la dokotala wa pa kilinikipo koma amene mumakumana naye ulendo uliwonse ndi PA. Ndiye mukasaka PA yekha mutha kupeza mayina awiri okha n'kumati kuno kulibe, pomwe pa kiliniki imene mumadutsa tsiku lililonse popita ku shifiti pali ma PA atatu amene sakuoneka pa mndandandawo. Lembani makiliniki asanu kapena asanu ndi limodzi, musalembe imodzi.

Ndipo mndandanda umenewu musaukhulupirire kwambiri. Umakhala ndi anthu amene anasamuka kalekale, manambala amene akulira ku malo ena, ena anapuma ntchito. Ine pa mayina asanu amene ndinalemba, nambala imodzi inayankhidwa ndi ofesi ya zamano, ina sinalowe n'komwe. Ndi chifukwa chake kuimba foni sikungalumphidwe.

Tsopano pa foni, apa mumvetsetse chifukwa funso lake ndi limene limasiyanitsa. Musafunse kuti kodi mumalandira Medicaid. Funso limenelo wa pa desiki atha kuyankha kuti eya koma akunena pulani ina, kapena kuti ayi pomwe yanuyo amalandira koma iye amaidziwa ndi dzina la kampani. Nenani kuti "Are you in network with" kenako tchulani dzina lonse la pulani ngati mmene munalembera pa pepala paja, network kutanthauza gulu la makiliniki amene anagwirizana ndi pulani yanu. Akati eya, funso lachiwiri ndi "Are you accepting new patients with this plan", chifukwa makiliniki ambiri amalandira Medicaid kwa odwala awo akale okha, atsopano anatseka. Si kuti akudana nanu ayi, Medicaid imawalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi inshuwalansi ya kuntchito ndiye amaika malire a anthu amene angatenge. Funso lachitatu ndi limene limatsegula chitseko, akanena kuti dokotala wadzaza mpaka miyezi inayi, inu nenani kuti kodi PA kapena NP amene ali ndi malo msanga alipo, ndilibe vuto kuonedwa ndi ameneyo. Nthawi zambiri tsiku limatsika kuchoka miyezi kufika masabata olo masiku. Pemphaninso kuti akuikeni pa mndandanda wa oimbiridwa wina akalephera kubwera, anthu amalephera tsiku lililonse, bola foni yanu muziyankha olo nambala yake ndi yachilendo.

Imbani m'mawa cha m'ma 8 akangotsegula, Lolemba pewani ngati mungathe poti mafoni amakhala piringupiringu. Ndipo lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku lake, zidzakuthandizani tsiku lina wina akadzakana kuti sitinanene choncho.

Makiliniki onse asanu aja akakukanani musakhale pansi n'kumadandaula, imbani nambala ya member services ija. Kukupezerani wokuonani ndi ntchito yawo, boma limawalipira pa mutu wa munthu aliyense mwezi ndi mwezi kaya mwapita kuchipatala kaya simunapite. Auzeni kuti ndaimba malo awa ndi awa onse akuti satenga atsopano, ndithandizeni kupeza PCP pafupi ndi zip code yanga, ndipo ngati n'kotheka muimbe ndili pa foni pomwepa. Ambiri amachita zimenezo, amakulumikizani anthu atatu pa laini imodzi. Mukapeza kiliniki, musaiwale kuwauza a pulani kuti asinthe PCP wa pa khadi panu akhale wa pamenepo, mufunsenso kuti kusinthako kuyamba tsiku liti, chifukwa mutha kufika pa kiliniki m'mawa mwajomba ku ntchito iwo n'kukubwezani kuti mu kompyuta mwathu mukuoneka kuti ndinu wa kwina. Ndipo mukaona kuti kiliniki imene mukuifuna ili mu pulani ina osati yanu, m'ma state ambiri lamulo limakulolani kusintha pulani m'masiku 90 oyamba mutangolowa popanda kupereka chifukwa, kenako kamodzi pa chaka.

Koma njira imene ine ndimauza aliyense wobwera kumene, ndipo bwenzi nditayambira pomwepo ndikanadziwa, ndi ma community health center. Awa ndi makiliniki amene amalandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma la federal kuti azithandiza madera a anthu osauka, pa mapepala amawatcha FQHC. Amalandira Medicaid, amalandira Medicare, ndipo olo mulibe inshuwalansi ina iliyonse sakubwezani, amakulipiritsani molingana ndi ndalama zimene mumapeza, mumangobweretsa ma pay stub anu. Ma PA ndi ma NP ndi amene adzaza m'malo amenewa. Kuwapeza kwake pitani pa findahealthcenter.hrsa.gov muike zip code, akuonetsani onse apafupi. Ambiri ali ndi zamano pomwepo, pharmacy yotchipa pomwepo, ndi munthu wothandiza kulemba mafomu a Medicaid ulere. Kuipa kwake mzere umatalika ndipo foni amachedwa kuyankha, nthawi zina bola kungopita ndi miyendo kukalembetsa pa desiki. Amene muli m'matauni ang'onoang'ono akumidzi kumene kuli ntchito za m'mafakitale a nyama ndi nkhuku, funsani za rural health clinic, amenewa lamulo lawo la 1977 limafuna kuti pakhale PA, NP kapena mzamba pa malopo theka la nthawi imene atsegula, ndiye mmodzi mwa amenewa simungamusowe. Mukasowa poyambira penipeni imbani 211, ndi yaulere, amalozera anthu thandizo la m'dera lawo.

A Medicare nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Medicare ndi ya azaka 65 kupita m'tsogolo ndi ena olumala kapena odwala impso kwambiri, ndipo ndi imodzi dziko lonse, siyendera state. Funso loyamba n'loti kodi bambo kapena mayi ali pa Medicare yeniyeni ya khadi yofiira, yoyera ndi yabuluu ija, kapena analowa Medicare Advantage imene imayendetsedwa ndi kampani. Ngati ndi Advantage, chitani zonse ndanena pamwambapa za pulani ndi network, n'chimodzimodzi. Ngati ndi yeniyeniyo, pitani pa medicare.gov pa Care Compare, sankhani madokotala ndi ma clinician, lembani physician assistant ndi zip code, kapena imbani 1-800-MEDICARE. Ubwino wake PA amene ali mu Medicare saloledwa kukulipiritsani kuposa mtengo umene Medicare yavomereza. Medicare imalipira PA 85 peresenti ya zimene ikanalipira dokotala pa ntchito yomweyo, ndipo inu mbali yanu ndi 20 peresenti mukamaliza deductible, ndalama zimene mumayamba mwalipira nokha, ya Part B, mbali ya Medicare yolipira kuonedwa ku kiliniki, imene mu 2025 inali $257 pa chaka, ndiye kuonedwa ndi PA kutha kukutchipirani pang'ono. Makolo amene ali ndi zonse ziwiri, Medicare ndi Medicaid, muzionetsa makhadi onse awiri ulendo uliwonse, chifukwa Medicaid ndi imene imatola 20 peresenti yotsalayo. Zikakusokonezani, state iliyonse ili ndi alangizi aulere a Medicare otchedwa SHIP, sagulitsa kanthu, osati aja amaimba foni madzulo kukunyengererani kuti musinthe pulani.

Mwapeza dzina la PA, mufuna kutsimikiza kuti ndi weniweni? Sizitenga mphindi zisanu. Bungwe la NCCPA limene limapereka C uja wa pa PA-C lili ndi tsamba loonera ngati satifiketi ya munthu ikugwira ntchito, ndipo state iliyonse ili ndi tsamba loonera laisensi pamene amalembanso ngati munthu analangidwapo. Ndemanga za pa Google ziwerengeni koma ndi mchere pang'ono, ambiri amene amalemba ndi okwiya chifukwa anadikira nthawi yaitali kapena sanapeze poimika galimoto. Bola kufunsa anzanu a ku tchalitchi kapena a kuntchito, makamaka manesi athu ndi ma CNA othandizira manesi aja, amenewo amadziwa kuti ndani amamvetsera odwala ndipo ndani amangoyang'ana pa kompyuta.

Popanga apointimenti pali zinthu ziwiri zaulere zimene anthu athu sapempha chifukwa cha manyazi kapena kusadziwa. China ndi womasulira. Chipatala chilichonse chimene chimalandira ndalama za Medicaid kapena Medicare chikuyenera kukupezerani womasulira popanda inu kulipira. Inu mwina chizungu mumachitha, koma agogo amene abwera kudzalera adzukulu aja sangafotokoze kuti m'mimba mukupota kapena miyendo ikuchita dzanzi, ndipo si bwino kuti mdzukulu wa zaka 12 azimasulira matenda a agogo ake, pali zina sangazinene pamaso pa mwana. Nenani pa foni pomwepo kuti tifuna womasulira wa Chichewa, akati sakuchipeza mu kompyuta auzeni asake Nyanja kapena Chewa, makampani ena omasulira anachilemba choncho. Amamasulira pa foni kapena pa vidiyo, koma omasulira athu ndi ochepa ndiye nenani masiku angapo zisanachitike. Chinacho ndi thiransipoti. Medicaid imalipira galimoto yokutengani kupita ndi kubwera kuchipatala ngati mulibe njira ina, mumaimbira pulani yanu masiku awiri kapena atatu tsiku lisanafike. Nthawi zina amachedwa, ndiye auzeni nthawi yoyambirirako.

Tsiku lopita tengani khadi ya inshuwalansi, ID ya chithunzi, ndi mankhwala onse amene mukumwa m'mabotolo ake momwe, kuphatikiza aja munabwera nawo kuchokera kumudzi ndi aja achikuda amene azakhali anakupatsirani. Musabise, PA sakumangitsani, akungofuna adziwe zimene zingalimbane m'thupi. Mayina a mankhwala amasiyana, mukati Panado sakumvani, kuno amati Tylenol kapena acetaminophen, ndiye botolo kapena kapepala kake kamalankhula bwino kuposa inu. Kabuku ka kuchipatala kakumudzi kaja ngati munabwera nako katengeni, olo kali kong'ambika, muli mbiri yanu ya BP ndi katemera wa ana. Fikani mphindi 20 nthawi isanakwane chifukwa ulendo woyamba mafomu ndi ambiri, ndipo nthawi ya kuno si ya kwathu, mukachedwa ndi mphindi 15 makiliniki ambiri amakubwezani, mukajomba kawiri katatu osaimba foni amakuchotsani pa mndandanda wawo ndiye muyambirenso kusaka konse kuja.

Mukalowa m'chipinda, pali zinthu zathu zimene PA wobadwira kuno sangaziganize msanga ngati simunena. Ngati thupi latentha ndipo mwangobwera kumene kuchokera kumudzi m'miyezi yapitayi, nenani poyambirira penipeni kuti ndinali ku Malawi kapena ku Zambia, kuli malungo, ndiyezeni malungo lero. Kuno ena amatha chaka osaona wodwala malungo olo mmodzi ndiye atha kungoti ndi flu, pomwe inu chitetezo chija munali nacho muli kumudzi chinatha kale mutakhala kuno zaka. Imeneyo isadikire n'komwe apointimenti, pitani tsiku lomwelo. Chinanso ndi kuyeza TB. Tonse tinabayidwa BCG tili makanda, chipsera chili pa mkonopo, ndipo katemera ameneyu atha kupangitsa kuti kuyeza kwa pakhungu kuja kutupe ngati kuti muli ndi TB pomwe mulibe, ndiye nenani ndipo pemphani kuyeza kwa magazi, ambiri amakudziwa ndi dzina loti QuantiFERON. Amene mumamwa ma ARV nenani, chinsinsi chanu chimatetezedwa ndi lamulo ndipo abwana anu kuntchito sauzidwa, chofunika n'choti mankhwala asadukize. Ndipo tisiye khalidwe lija loti akafunsa muli bwanji timati ndili bwino kaya inu, kenako n'kumadikira kuti aone yekha. Nthawi yanu ndi mphindi 15 kapena 20 basi, lembani madandaulo anu atatu pa pepala muli kunyumba, muyambe ndi limene likukuopsani kwambiri.

Musanatuluke funsani kuti PA ameneyu amagwira ndi dokotala uti ndipo iye akakhala kulibe ndionane ndi ndani. Funsaninso za referral, mapulani ambiri a Medicaid salipira katswiri ngati PCP sanakutumizeni, ndipo katswiriyo nayenso akhale wa mu pulani yanu, labu yotengera magazi chimodzimodzi, musangopita pamene pali pafupi. Lembetsani pa patient portal yawo, ambiri amagwiritsa ntchito MyChart, m'menemo mumaona zotsatira za magazi ndi kumulembera PA uthenga osadikira pa foni. Apointimenti yotsatira pangirani pa desiki pomwepo musanapite ku galimoto.

Zonsezi ndi za matenda oyenda nawo. Chifuwa chikathina ngati wina wakhalapo, nkhope ikapindika mbali imodzi, mawu akayamba kukokeka, mwana akamabanika, imeneyo ndi 911 kapena emergency room pompo, ndipo lamulo la 1986 limawakakamiza kukuyezani ndi kukuthandizani kaya muli ndi khadi kaya mulibe. Zapakatikati monga bala lofuna kusoka kapena khutu la mwana Loweruka madzulo, urgent care ndi yabwino ndipo kumenekonso amene akuoneni nthawi zambiri ndi PA, bola mufunse kaye funso lija la network musanakhale pa mpando.

Tsopano kuti PA wanu mumusunge, khadi isafe. Medicaid amaiunikanso chaka chilichonse, amatumiza kalata, mukapanda kuyankha amakudulani olo mukuyenerabe. Mu 2023 ndi 2024 anthu mamiliyoni ambiri anachotsedwa, ndipo ochuluka mwa iwo chinali chifukwa cha mapepala osabwezedwa basi. Ife timasamukasamuka, lero apartment iyi mawa tikukhala kwa achimwene, kalata n'kumapita ku adiresi yakale, ndiye mukangosamuka imbirani a Medicaid ndi a pulani onse awiri. Lamulo limene linasainidwa mu July 2025 likubweretsanso zoti akuluakulu ambiri a zaka 19 mpaka 64 azionetsa kuti akugwira ntchito, akuphunzira kapena akudzipereka maola 80 pa mwezi kuyambira cha mu 2027, ndiye ma pay stub musamataye. Mukasamukira state ina Medicaid siyenda nanu, mumatseka uko n'kukafunsira kwatsopano, kusaka PA kuyambiranso. Ndipo mukapita kutchuthi kumudzi makhadi awa sagwira ntchito kunja kwa America, pemphani PA akulembereni mankhwala okwanira ulendo wonse ndi oteteza malungo musananyamuke.

Bilu ikabwera ku nyumba pomwe munaonetsa khadi ya Medicaid ndipo anakulandirani ngati wa Medicaid, musathamangire kulipira chifukwa cha mantha. Kupatula ka copay, kandalama kochepa kolipira inuyo kamene ma state ena amalola, saloledwa kukulipiritsani zotsala pa thandizo limene Medicaid imalipira. Kawirikawiri amakhala kuti analemba nambala molakwika kapena anatumiza ku pulani yakale. Ine inandibwerera ya madola mazana angapo, ndinasowa tulo masiku awiri, nditaimba kunapezeka kuti anasinthanitsa manambala awiri pa tsiku langa lobadwa, poti ife timayamba ndi tsiku kenako mwezi pomwe iwo amayamba ndi mwezi. Imbirani ofesi ya billing ya kiliniki muwawerengere nambala ya pa khadi ndi tsiku lobadwa pang'onopang'ono, akapitiriza kutumiza makalata imbirani member services muwauze kuti mukufuna kulemba dandaulo, ndipo mufunse nambala ya dandaulolo muisunge.